Kalata yochokera ku Cape Town

Okondedwa amalume,

Kuno mphepo yapanyanja ndiye yosanena, juzi sichoka m'thupi, koma nkhani ndi ya msuweni wanga.

Uzani azakhali asiye kulira. Mutu sanamung'ambe. Opaleshoni yachitika ku Groote Schuur, chipatala chija chimene Christiaan Barnard anaikira munthu mtima wa mnzake mu 1967, ndipo bala lake mukaliona mudzati anangokandidwa pachikope.

Dzanzi la patsaya lija, lomwe anamuzulira nalo dzino labwinobwino, gwero lake linali m'kati mwa mutu. Kuchokera ku ubongo kumatuluka mitsempha 12 mbali iliyonse. Wachisanu ndi umene umachititsa kuti nkhope izimva kukhudza, ndipo uli ndi nthambi zitatu: ya pamphumi, ya patsaya ndi ya kuchibwano. Pakhungu lokuta mtsemphawo ndi pomwe panamera chotupa chimene madokotala amati schwannoma. Si khansa ayi. Chimakula mwakachetechete kwa zaka, n'kumapanikiza zoyandikana nazo pansi pa ubongo.

Kale kuti achifikire ankadula fupa lalikulu pambali pa mutu n'kukankhako ubongo. Kuno anadzera kudiso. Anacheka pamzere umene chikope chapamwamba chimapindikira, diso n'kulisendezera pang'ono chakumphuno, fupa la kuseri kwake n'kulipala ndi kamakina. M'menemo analowetsa kachitsulo ka mamilimita 4, kochepa kuposa pensulo, kokhala ndi getsi ndi kamera, ndipo ankachotsa chotupacho chidutswachidutswa akuyang'ana pa sikirini. Atamaliza anatseka ndi mafuta amene anatenga pamimba pake pomwe, kuti madzi a muubongo asamadonthe. Njirayi anaifotokoza ndi Kris Moe wa ku Seattle mu 2010, ndipo kuno amadziwika nayo ndi Pulofesa Darlene Lubbe.

Musanyengeke ndi kuchepa kwa balalo. Ntchito yake inali yaikulu, chifukwa mtsempha waukulu wa magazi umadutsa pafupi pomwepo. Diso latupa, ndipo atiuza kuti dzanzi lina mwina silidzatheratu. Za kubwerera kuntchito mwezi uno aiwaliretu, ngakhale iye akuvuta kale za lendi.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi kwathuko. Chotupachi sichioneka pa X-ray wamba, chimafuna MRI. Makina otere anafika ku Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008, ndipo madokotala a opaleshoni ya ubongo, monga Dr Patrick Kamalo, alipo komweko. Koma munthu wa ku Sorgin kapena ku Bangula akachita dzanzi kunkhope, amayamba wazula dzino, kenako wapita kukatemera mphini, chaka n'kutha asanakwere zitunda za Thabwa.

Ndiye mukamva wina akudandaula zotere, kapena khutu limodzi lagontha n'kumangolira, mumuuze akapemphe kalata yopita nayo ku Queens.

Ndalama ya minibasi ya azakhali nditumiza Lachisanu.

Ine mphwanu.