Tisananyamuke Ulendo wa ku Mapiri a Nyika

Ambiri a ife okhala mu Lusaka muno tikamva za ulendo wokaona nyama, maganizo athu amathamangira ku Luangwa, ku Kafue kapena ku Livingstone, malo otentha kumene shati yopyapyala imakwanira. Komatu kumpoto chakum'mawa, pamalire a dziko lathu ndi Malawi, kuli dera lokwera lotchedwa Nyika, kumene m'miyezi ya Juni ndi Julayi udzu umadzuka utayera ndi chisanu. Masiku ano mabanja ndi magulu a ku Kabwata, Woodlands ndi Kabulonga amasonkherana ndalama kuti akaone malo otere pagalimoto, motsogozedwa ndi odziwa njira. Nchifukwa chake tati tikambirane zoyenera kukonza, popeza akulu adati safunsa adadya phula.

Tiyambe ndi malowo. Mbali yaikulu ya Nyika ili m'Malawi, ndipo idakhazikitsidwa kukhala malo osungirako nyama mu 1965, nikuzidwa mu 1978 mpaka kupitirira masikweya kilomita 3,000. Mbali ya Zambia njaing'ono, pafupifupi masikweya kilomita 80, ndipo m'menemo muli nkhalango yakale ya Chowo. Mu 2015 maboma awiriwa adasainirana pangano losamalira limodzi malo a m'malirewa. Msasa wa Chelinda, kumene alendo amagona, uli pamtunda wa mamita pafupifupi 2,300 kuchokera pamene palekeza nyanja yamchere, ndipo phiri la Nganda lapitirira pang'ono mamita 2,600. Lusaka ali pa mamita pafupifupi 1,300 basi. Kusiyana kumeneku ndiko gwero la zonse zimene tinene.

Choyamba ndi makalata. Njira yodziwika yofikira kumtundako, ngakhale ku mbali yathu ya Zambia, imadzera m'Malawi. Tsono aliyense, ndi ana omwe, akhale ndi pasipoti yosatha nthawi. Mwini galimoto atenge buku la galimotoyo, chilolezo choitulutsira kunja ndi inshuwaransi yogwira ntchito m'maiko onse awiri, monga Yellow Card ya COMESA. Izi tizithe tikadali m'tauni, masabata angapo tsiku lisanafike. Tikumbukirenso kuti kwacha yathu ndi ya Malawi nzofanana dzina lokha. Tisinthe ndalama kubanki kapena kumalo ovomerezeka, ndipo tinyamule yokwanira m'manja, chifukwa kumtundako kulibe banki.

Chachiwiri ndi njira. Tikadutsa Chelstone pa Great East Road, patsogolo pathu pali makilomita pafupifupi 570 kukafika ku Chipata, kudzera pa mlatho wa Luangwa, Nyimba, Petauke ndi Katete. Limeneli ndi tsiku lathunthu, ndipo nkwanzeru kugona ku Chipata. M'mawa mwake tidutsa pachipata cha Mwami ndi Mchinji, pamene kuyambira mu 2022 zonse za maiko awiri zimachitikira pamalo amodzi, kenaka Kasungu, mapiri a Viphya ndi Mzuzu. Kuchokera ku Rumphi kukafika ku Chelinda, kudzera pachipata cha Thazima, pali makilomita opitirira 100, ndipo mbali yaikulu ndi msewu wafumbi wokwera ndi wokhotakhota, umene umadya maola ambiri. Pafunika galimoto yaitali miyendo yokoka ndi mawilo onse anayi, matayala awiri apadera, jeke, chingwe chokokera ndi fosholo. Mafuta tithire odzaza ku Mzuzu kapena ku Rumphi, tiwerengere opitira, oyendera kumtunda ndi obwerera. Tinyamuke ku Rumphi m'mawa, chifukwa zipata za malowa zimatsekedwa madzulo. Ngati ulendo ukhudza Lamulungu, tikonze kuti tsikulo litipeze ku Mzuzu kapena ku Rumphi kumene kuli matchalitchi.

Chachitatu ndi kuzizira. Munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Tsono tiganizire m'mawa wa mu Julayi kuno kwathu, pamene ana amapita kusukulu manja ali m'thumba, tichotsepo madigiri amenewo, tionjezepo mphepo ya pamalo opanda mitengo. Zovala zabwino nzosanjikiza: malaya amkati, juzi yaubweya, ndi jekete yosalowa madzi pamwamba, kuti dzuwa likakwera tizivula chimodzichimodzi. Tisaiwale chipewa chophimba makutu, magolovesi, masokosi okhuthala ndi bulangete. Zambiri mwa izi zimapezeka pa salaula ku Soweto kapena ku Kamwala pamtengo wotsika. Nsapato tigule msanga ndi kuziyendera masabata awiri kapena atatu, popeza nsapato yatsopano imatupitsa matuza tsiku loyamba lomwe. Chovala chikanyowa tisinthe nthawi yomweyo. Munthu wonyowa pamphepo yozizira amayamba kunjenjemera, kenaka kulankhula mosokonekera ndi kuodzera, ndipo akapanda kufunditsidwa ndi kupatsidwa chakumwa chotentha angathe kutisiya.

Chachinayi ndi thupi. Pamwamba mpweya ngwopepuka, motero kupuma kulikonse kumalowetsa wochepa, ndipo mtima umagunda mofulumira kuti ukwaniritse. Matenda enieni a pamalo okwera amayamba kawirikawiri munthu akapitirira mamita 2,500, choncho ku Chelinda ambiri amangomva wefuwefu pokwera chitunda. Komabe tsiku loyamba likhale lopumula, lakumwa madzi ambiri, losamwa mowa. Wina akamva mutu wosaleka, nseru ndi chizungulire, asakwerenso. Zikapitirira, mankhwala ake nkutsika. Amene ali ndi matenda a mtima, kuthamanga kwa magazi, mphumu kapena shuga aonane ndi dokotala asanalipire ndalama za ulendo, ndipo anyamule mankhwala opitirira masiku a ulendowo, chifukwa chipatala chachikulu chapafupi chili ku Rumphi. Kumtunda udzudzu ngwochepa, koma m'njira monse ulipo, tsono neti ndi mankhwala a malungo zisatsale. Dzuwa la kumeneko limawaula khungu ngakhale kukuzizira. Ndipo mwezi wathunthu tisananyamuke tizolowere kuyenda pansi ola limodzi tsiku lililonse.

Chachisanu ndi wotitsogolera. Tisanapereke ndalama timfunse poyera: kodi mtengowu ukuphatikiza zolipira pachipata, chakudya, pogona ndi mafuta? Galimoto ikafa m'nkhalango, adzaitana yani, nanga ndi chiyani, popeza foni siigwira paliponse? Ali ndi bokosi la mankhwala? Mayankho alembedwe papepala. Tikafika, mawu a mtsogoleri ndi a alonda a nyama akhale lamulo. Zitunda za Nyika nzofanana ngati mazira, ndipo chifunga chikatsika munthu saona mnzake amene ali pafupi. Muli akambuku, afisi ndi njovu, zina mwa izo 34 zimene zidabwera kuchokera ku Liwonde mu 2017. Amphamvu angasankhe ulendo wapansi wa masiku atatu wotsikira ku Livingstonia, mishoni imene Dr Robert Laws adakhazikitsa ku Khondowe mu 1894, koma umenewo sayenda popanda mlonda. Gulu liyende pa liwiro la wofooka koposa, ndipo liziwerengana ponyamuka ndi pofika.

Nyengo nayo tisankhe bwino. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala msewu umakhala wouma. M'dzinja maluwa amachuluka, pakati pake mitundu ya maokidi yopitirira 200, koma matope amatha kutsekereza galimoto tsiku lonse. Walira mvula walira matope.

Wokonzeka bwino adzapeza mphotho yake: mbidzi, ntchefu ndi chilembwe zikudya pa udzu wofika kumene maso alekeza, nyanja yaing'ono ya Kaulime imene makolo ankailemekeza, ndi mathithi a Chisanga. Zinyalala zathu tibwere nazo, moto tisayatse pamalo osaloledwa, duwa tisazule. Ndipo kunyumba tisiye pepala lonena kumene tidzagona usiku uliwonse ndi tsiku limene atiyembekezere.