Tsiku Limene Wailesi Idakhala Chete M'mitambo

Pa 10 June 2024, nditamva kuti ndege yomwe idanyamula Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dziko lino, Dr Saulos Chilima, ndi anthu ena 8 yasowa, ndidalephera kudya. Mawa lake, itapezeka itagwa m'nkhalango ya Chikangawa popanda wopulumuka, ndidakhala pakhonde mpaka usiku. Mkazi wanga sadandifunse kanthu. Adadziwa kumene mtima wanga udapita.

Zaka zingapo m'mbuyomo ofesi yathu idandituma ku Karonga kukaona mmene madzi osefukira adaonongera katundu wa boma. Pobwerera ku Lilongwe tidakwera kandege kobwereka ka injini imodzi, anthu anayi. Poti ndinali wamng'ono paudindo, adandikhazika kutsogolo, pambali pa woyendetsa, bambo waimvi wosalankhulalankhula.

Titangokwera pang'ono tidalowa m'mitambo. Kunja kudayera mbee, ngati atikuta ndi thonje. Zikatero woyendetsa sadalira maso ake kapena thupi lake, chifukwa thupi limanama: ndege ikhoza kupendekeka iwe n'kumamva ngati ili chilili. Amakhulupirira zipangizo za patsogolo pake ndi mawu a oyang'anira kayendedwe ka ndege.

Tili chakufupi ndi Mzuzu, kagetsi kofiira kadayaka. Bamboyo adakayang'ana, nayamba kuzimitsa zinthu chimodzichimodzi.

"Kwagwanji a Kaputeni?" ndidafunsa.

"Chopangira magetsi chafa, bambo. Tatsala ndi batire lokha, ndipo silikhalitsa."

Adauza a pansi za vutolo ndi zimene akufuna kuchita. Yankho lidabwera modukaduka, kenako zii. Adatchera nambala 7600 pa kachipangizo kozindikiritsa ndege, yomwe padziko lonse imatanthauza kuti wailesi yafa. Adapitiriza kulankhula ngakhale padalibe woyankha, pofuna kuti ngati wina akumva adziwe kumene tili. Pasanapite nthawi GPS idathima, singano zoonetsa mafuta n'kugwa.

Ine ndidaganiza kuti injini nayo izima. Ndidakumbukira mwana wanga wamkazi amene ndidamulonjeza nsapato za kusukulu, ndipo ndidachita manyazi kuti ndalama yake ndidali nditadyera kanyenya ku Karonga. Koma injiniyo inkalirabe bwinobwino. Pambuyo pake ndidaphunzira kuti injini zotere zimadzipangira zokha moto wa mapulagi, sizidalira batire.

"Gwirani mapu awa ndi wotchi yanu," adatero. "Zikakwana mphindi 15 mundiuze."

Zidatsala zinali zochepa: kampasi ya maginito, choyezera kutalika, choyezera liwiro ndi china choonetsa ngati mapiko ali molingana. Pansi pathu padali mapiri a Viphya, kumbuyo Nyika, amene nsonga yake imapitirira mamita 2,600. Kutsika pamenepo kukadakhala kudzipha. Koma nyanja ilibe phiri, ndipo madzi ake ali pamtunda wosafika mamita 500. Choncho adakhotera kummawa, osatsika ngakhale pang'ono, n'kumawerengera mtunda ndi liwiro komanso nthawi. Kupitirira muyeso kunalinso koopsa, popeza kutsidya kwa nyanja kuli mapiri ena.

Abale, mphindi 15 ndi zambiri. Bwana wanga kumbuyo ankapemphera motsitsa mawu. Ine maso adali pa wotchi, thukuta lili kamukamu m'manja.

"Zakwana, a Kaputeni."

"Zikomo bambo."

Tidayamba kutsika pang'onopang'ono. Mitambo idada, idayeranso, kenako idang'ambika. Pansi padaoneka madzi otuwa ndi bwato limodzi la asodzi. Sindidaonepo chinthu chokongola ngati bwato limenelo.

Kuchokera apo tidayenda ngati anthu akale, kutsata gombe: Nkhotakota, Salima, kenako msewu wopita ku Lilongwe. Titafika pabwalo la ndege ku Lumbadzi tidazungulira, ndipo pansanja padawala nyali yobiriwira yosaphethira, kutanthauza kuti terani. Bamboyo adagwedeza mapiko kuvomera. Ndidamva pambuyo pake kuti a pansanja adali ataimitsa ndege zina kuti atipatse mpata, chifukwa malamulo amanena kale zimene aliyense achite wailesi ikafa. Anthu awiri osamvana mawu adamvana bwino lomwe.

Titatsika ndidamufunsa ngati sadachite mantha. Adati mantha adalipo, koma adawauza kuti adikire. Dongosolo lake ndi limodzi: poyamba ulutsa ndege, kenako dziwa kumene uli, kulankhula kubwere pomaliza.

Sindikufanizira ulendo wathu ndi wa ku Chikangawa. Uliwonse udali ndi zake. Koma nkhungu ya kumeneko ndidaiona ndi maso anga, ndipo ndimadziwa kuti ife sitidapulumuke chifukwa cha kulimba mtima. Tidapulumuka chifukwa munthu wina adaphunzira, nabwerezabwereza, zoyenera kuchita tsiku loipa lisadafike. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kuofesi kwathu magetsi akathima kapena bwana akapanda kuyankha foni, ambiri timapinda manja n'kumadikira. Ine masiku ano ndimayamba ndadzifunsa kuti chatsala chikugwira ntchito n'chiyani.

Nsapato zija ndidagula mawa lake, ndi ndalama yangongole.