Mtengo Umadya ndi Masamba

Kwathu ndi ku mapiri a Phoka, m'boma la Rumphi, kumtunda kwa Nchenachena, kumene nkhungu imagona m'minda kufikira dzuwa litakwera. Kumeneko khofi ndiye amalipira ana sukulu, ndiyenso amafolera nyumba ndi malata. Bambo athu atatisiya, munda wao wa khofi unatsalira ife ana ao atatu. Mundawo tinaulandira ndi manja awiri, koma nzeru za mwini wake sitinazilandire, pakuti nthawi imene iwo ankadulira mitengo ife tinali ku sukulu.

Chaka choyamba mitengo inachita maluwa oyera mbee, ndipo zipatso zinachuluka kotero kuti nthambi zinawerama. Tsiku lina kunafika amalume athu, amene kwathu timawatchula kuti asibweni. Atazungulira munda wonse anati, "Ana anga, mitengo iyi yasenza katundu woposa msinkhu wake. Tiyeni tichotseko nthambi zina ndi kuthothola zipatso zina zikadali zanthete."

Ife tinayankha mwaulemu koma mouma mutu: "Asibweni, kodi munthu angataye ndalama ndi manja ake, fizi ya mng'ono wathu ikudikira?" Iwo anangopukusa mutu nabwerera kwao.

Zipatso zisanapse, tinaona kunsi kwa masamba timadontho ta ufa wachikasu. Imeneyi inali nthenda ya dzimbiri. Masamba anayamba kuyoyoka, nthambi zinauma kuyambira kunsonga, ndipo zipatso zambiri zinada zisanakhwime. Zotsalazo zinali zopepuka, zongoyandama pa madzi pozitsuka. Chaka chotsatira munda sunatipatse kanthu koti n'kuloza, ndipo mng'ono wathu uja anakhala pakhomo teremu yathunthu.

Awerengi okondedwa, ife tinkayesa kuti mtengo umadya dothi. Ambiri kale ankaganiza chomwecho. Koma munthu wina wa ku Ulaya, Jan van Helmont, anabzala kamtengo kolemera mapaundi 5 mumphika wa dothi louma lolemera mapaundi 200, nakathirira madzi okha zaka zisanu. Poyesanso pa sikelo, mtengowo unalemera mapaundi 169, pamene dothi linangochepa ndi maaunsi awiri. Nkhani yake inasindikizidwa mu 1648. Iye anati zonsezo zachokera m'madzi, koma akatswiri a pambuyo pake anapeza kuti gawo lalikulu la thupi louma la mtengo limachokera mumpweya, kudzera m'masamba.

Tsamba ndilo khitchini ya mtengo. Mizu imatunga madzi ndi mchere wa m'nthaka, tsamba limakoka mpweya pa timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo kuwala kwa dzuwa ndiko moto wake. Chophikidwacho ndi shuga, amene amadyetsa zipatso, mphukira ndi mizu. Wotsala amasungidwa m'thunthu ndi m'mizu monga chimanga m'nkhokwe. Tsono mtengo wa khofi uli ndi khalidwe lakuti sutaya msanga ana ake. Zipatso zikachuluka kuposa masamba ozidyetsa, umatapa m'nkhokwe mpaka kugugula, ndipo nthambi ndi timizu tating'ono zimafa. Komanso khofi amachita maluwa makamaka pa nthambi zimene zinakula chaka chapitacho. Mtengo umene sunakule chaka chino ulibe pobalira chaka chamawa. Ndi chimene chinatigwera ife: pakamwa panachuluka, dzimbiri nalo linagwetsa ophika. Nthenda imeneyi si yochepa. Inaoneka ku Ceylon mu 1869, ndipo patapita zaka ngati makumi awiri alimi a kumeneko anali atasiya khofi nayamba kubzala tiyi.

Mau a akulu akoma akagonera. Tinapita kwa asibweni ndi manyazi, ndipo iwo sanatinyoze. Koma ife, pofuna kuonetsa kuti tamva, tinatola zikwanje kuti tisadze nthambi zonse. Iwo anatigwira mkono nati, "Kudulira si kumeta mpala ai. Tsamba lililonse limene mwachotsa, mwazimitsa moto pa mafuwa amodzi. Chotsani lokhalo limene likudya osaphika."

Anationetsa nthambi zouma, zodwala, zopingasana, zokwawa pansi, ndi mphukira zongomera mkati mwa mdima. Zimenezi zikachoka, dzuwa limafika pa masamba otsala, mphepo imapita bwino, ndipo masamba amauma msanga mvula ikagwa, kotero kuti dzimbiri silipeza chinyezi chimene limakonda. Mitengo yokalamba ndi yofooketsa anaidula ndi macheka pa msinkhu wa bondo, mopendeka kuti madzi asakhale pabala, nasiyako nthambi imodzi ya masamba kuti idyetse chitsa. Mphukira zitatuluka zambiri, anatiuza kuti tisankhe ziwiri kapena zitatu zamphamvu. Ntchito yaikulu yotere anati ichitike tikatha kukolola, ndipo si munda wonse chaka chimodzi, koma mizere ingapo, kuti pakhomo pasasowe ndalama ya sopo ndi mchere.

Tinathira manyowa, tinaphimbira nthaka ndi udzu, ndipo tinadikira. Mitengo yodulidwa ija inayamba kubalanso patapita zaka ziwiri. Mng'ono wathu anabwerera ku sukulu ndi ndalama ya nyemba ndi nthochi, ndipo khofi anadzamulipirira zaka zomaliza.

Inu makolo, musapite nokha kukadulira mitengo, ana ali pakhomo pa tchuthi. Apatseni kampeni m'manja, muwauze chifukwa chake nthambi iyi ikuchoka pamene iyo ikutsala. Ndipo inu anyamata ndi atsikana, funsani akulu akadali moyo. Ife lero tikalowa m'munda sitiyamba ndi kuwerenga zipatso. Timatembenuza tsamba kuona kunsi kwake, kenaka timadzifunsa ngati masamba ali pa nthambiyo angathe kudyetsa zipatso zimene yasenza.