Safunsa anadya phula: zimene tidaphunzira posamuka ndi sukulu ya pakhomo

Abale ndi alongo okhala kuno ku Amereka, nkhani imene tikufuna kukambayi ndi yotichititsa manyazi pang'ono. Ntchito yathu ya tsiku ndi tsiku ndi yothandiza mabanja ndi kuwalangiza pa malamulo okhudza ana, koma tidapezeka talakwira lamulo la ana m'nyumba mwathu momwe. Tikuilemba poona kuti chaka chilichonse mabanja a kwathu akusamuka kuchoka m'chigawo china kupita m'china potsata ntchito, ndipo ena mwa iwo amaphunzitsa ana awo pakhomo monga tidachitira ife.

Tidayamba kuphunzitsa ana athu awiri pakhomo m'chaka cha 2020, mliri wa COVID-19 utatseketsa sukulu, tili ku South Bend m'chigawo cha Indiana. Sitidali tokha. Kafukufuku wa bungwe la boma lowerenga anthu, la Census Bureau, adasonyeza kuti mabanja ophunzitsa ana pakhomo adakwera kuchoka pa 5.4 peresenti mu Epulo kufika pa 11.1 peresenti mu Okutobala chaka chomwecho, ndipo pakati pa anthu akuda chiwerengerocho chidachoka pa 3.3 kufika pa 16.1 peresenti. Sukulu zitatsegulidwanso ife tidapitiriza, chifukwa mzime wathu, amene ankavutika kuwerenga m'kalasi la ana ambiri, adayamba kumasuka patebulo la kukhitchini.

Ku Indiana lamulo ndi lofewa. Kholo liyenera kuphunzitsa masiku 180 pachaka ndi kusunga kaundula wa masikuwo. Silikakamizidwa kulembera kalata boma chaka ndi chaka, ndipo ana salemba mayeso aboma. Zaka ziwiri zidatha popanda wotifunsa kanthu, mpaka tidayamba kuyesa kuti umu ndi m'mene zilili m'dziko lonseli.

Mu Okutobala 2022 tidasamukira ku mzinda wina wa kumpoto kwa chigawo cha New York, kumene tidapeza ntchito. Tidakumbukira kusintha laisensi yoyendetsera galimoto, inshuwalansi ndi dokotala wa ana. Mabuku tidawatulutsa m'makatoni, ndipo Lolemba lotsatira maphunziro adayambiranso patebulo lomwe lija.

Tsiku lina mu Disembala, cha m'ma 10 koloko m'mawa, tidamva kugogoda. Pakhomo padaima mayi wina, chitupa chake chikulendewera pakhosi monga chimene ife timavala kuntchito. Adati akuchokera ku ofesi yoteteza ana, ndipo walandira lipoti lakuti m'nyumba muno muli ana a msinkhu wa sukulu amene sadalembetsedwe kulikonse. Amene adapereka lipotilo sitidauzidwe, ndipo ife eni tikudziwa kuti lamulo silola kuti atchulidwe.

"Amayi, kodi mudalembera ofesi ya maphunziro ya m'dera lino kuti anawa akuphunzira pakhomo?"

Tidasowa choyankha. Nthawi zambiri ife ndife amene timaima kunja kwa chitseko ndi kufunsa mafunso oterewa, koma tsiku limenelo tidali mkati, ana atatigwira chovala. Mwana wathu wachisamba adatinong'oneza m'Chichewa, "Amayi, atitenga?" Mawu amenewo mpaka lero sitidawaiwale.

Mayiyo adagwira ntchito yake mwaulemu. Adaona makope, adacheza ndi ana, ndipo adatiuza choti tichite. Tsiku lomwelo tidalemba kalata ija. Kafukufuku wotere ku New York amatha kutenga masiku 60, ndipo masiku onsewo tidagona tulo ta mantha, poganizira ana, ntchito yathu yatsopano, ndi mapepala athu okhalira m'dziko muno. Pamapeto pake nkhaniyo idatsekedwa popanda mlandu. Komabe mantha onsewo akadapeweka ndi kalata ya tsamba limodzi. Akuluakulu adati safunsa anadya phula.

Chimene sitidachilabadire n'chakuti kuno ku Amereka maphunziro a ana ali m'manja mwa chigawo, osati boma la ku Washington. Kwathu, mwana wochoka ku Karonga kupita ku Nsanje amapeza silabasi yomweyo ndi mayeso omwewo a MANEB. Kuno zigawo zilipo 50, ndipo ngakhale zonse zimalola kuphunzitsa ana pakhomo, chilichonse chili ndi lamulo lake. Pa nkhani ya sukulu, kudutsa malire a chigawo kuli ngati kulowa m'dziko lina.

Ku New York, kholo lobwera pakati pa chaka liyenera kudziwitsa ofesi ya maphunziro pasanathe masiku 14 chiyambire kuphunzitsa, ndipo zaka zotsatira kalatayo imafunika pofika pa 1 Julayi. Kenako limapereka ndondomeko yotchedwa IHIP, yofotokoza maphunziro ndi mabuku amene mwana aliyense adzagwiritse ntchito. Malipoti amapita kanayi pachaka, ndipo kumapeto kwa chaka mwana amayesedwa. Maola ophunzira ndi 900 kwa ana a giredi 1 mpaka 6, ndi 990 kwa a giredi 7 mpaka 12. Ku Pennsylvania kholo limapereka chikalata cholumbira pofika pa 1 Ogasiti, limasunga faelo ya ntchito za mwana imene munthu wovomerezeka amaiunika chaka chilichonse, ndipo mwana amalemba mayeso m'giredi 3, 5 ndi 8. Ku Texas, kumene khoti lalikulu la chigawocho lidagamula mu 1994 pa mlandu wa Leeper kuti sukulu ya pakhomo ili ngati sukulu yoima payokha, kholo silipereka malipoti otere, bola liphunzitse kuwerenga, kalembedwe ka mawu, galamala, masamu ndi unzika wabwino. Banja lochoka ku Dallas kupita ku Philadelphia likhoza kulakwira lamulo likuchita zomwezo zimene linkachita mwamtendere dzulo lake.

Chiyambire tsiku lija, banja lililonse la kwathu lotiuza kuti likusamuka timaliuza zinthu zingapo. Choyamba, werengani lamulo la chigawo chimene mukupitako musanamange katundu. Limapezeka pa intaneti, pa tsamba la dipatimenti ya maphunziro ya chigawocho. Chachiwiri, sungani m'chikwama chimodzi, chimene chiziyenda nanu m'galimoto osati m'lole, satifiketi yobadwira ya mwana, khadi la katemera, kaundula wa masiku, mndandanda wa mabuku ndi zitsanzo za ntchito zake. Mwana akadzabwerera kusukulu yaboma, mapepala amenewa ndiwo adzathandize aphunzitsi kudziwa kalasi yomuyenera. Chachitatu, ngati mwana ali pa sukulu yaboma kumene mukuchoka, m'chotseni polemba kalata, kuti asawerengedwe ngati wojomba.

Palinso chinthu china chimene chimatiwawa mtima pantchito yathu. Takumana ndi mabanja amene akusunga ana pakhomo pamene sadasankhe kutero. Afikira kwa achibale, alibe pepala la lendi m'dzina lawo, mwina mapepala okhalira m'dziko sadalongosoke, ndiye amaopa kuyandikira sukulu. Abale, mantha amenewa asamane mwana maphunziro. Mu 1982 khoti lalikulu la dziko lino, pa mlandu wa Plyler v. Doe, lidagamula kuti chigawo sichingakanize mwana sukulu yaboma chifukwa cha mapepala olowera m'dziko. Lamulo la McKinney-Vento, limene lidakhazikitsidwa mu 1987, limateteza ana a mabanja amene akukhala kwa ena chifukwa chosowa nyumba kapena kuvuta kwa ndalama. Ana oterewa ayenera kulandiridwa kusukulu nthawi yomweyo ngakhale mapepala sadakwane, ndipo dera lililonse la maphunziro lili ndi munthu wosankhidwa kuwathandiza. Mwana wolumala kapena wovutika kuphunzira, amene adali ndi ndondomeko ya IEP kumene akuchokera, sukulu yatsopano iyenera kum'patsa thandizo lofanana nalo kufikira itamuunika yokha. Kholo losankha kuphunzitsa pakhomo lidziwe kuti m'zigawo zambiri thandizo lotere limachepa mwana akachoka kusukulu yaboma.

M'zigawo zina, monga Indiana ndi Pennsylvania, mulinso sukulu zaboma za pa intaneti. Mwana amakhala pakhomo, koma aphunzitsi, mabuku ndi mayeso ndi zaboma, ndipo kholo sililipira. Kwa banja limene bambo amagwira ntchito usiku ndipo mayi masana, njira imeneyi ikhoza kukhala yopepuka kusiyana ndi kusenza silabasi yonse.

Kalata ndi malipoti tidazizolowera m'miyezi yochepa. Chimene chidatenga nthawi ndi kupeza anthu. Ku South Bend ana athu ankakumana ndi anzawo kutchalitchi ndi pa zochitika za Amalawi, ndipo sitidazindikire kuti mbali yaikulu ya maphunziro awo idali pamenepo. Kumalo kwatsopano adakhala miyezi itatu akuona nkhope zathu zokha. Wotitsegulira njira adali mayi wa ku laibulale, amene adatilozera gulu la makolo ophunzitsa pakhomo lokumana Lachinayi lililonse. Kenako tidapeza mabanja awiri a kwathu. Mmodzi mwa amayiwo ndi namwino, ndipo Loweruka amaphunzitsa ana athu sayansi, pamene ife timaphunzitsa ake kulemba ndi Chichewa. Mutu umodzi susenza denga.

Mwana wathu wachisamba atafika giredi 9 adapempha yekha kupita kusukulu yaboma. Tidavomera, titaganiziranso kuti ku New York mwana wophunzira pakhomo salandira dipuloma ya sekondale kuchokera kudera lake, ndipo polowa koleji amafunika kalata ya mkulu wa maphunziro kapena umboni wina. Tsiku lomulembetsa tidanyamula chikwama chija, ndipo palibe pepala limene adatifunsa lomwe lidasowa. Mzime adakali patebulo la kukhitchini, ndipo tsopano ndiye amatikumbutsa tsiku lotumiza lipoti.

Ngati mwamva kuti banja la kwathu lafika m'dera lanu, musadikire kuti likufuneni. Pitani ndi ufa ndi ndiwo monga timachitira, ndipo mukatha kulonjerana mufunse kuti ana akuphunzira kuti, ndi kuti kalata ya ku ofesi ya maphunziro idapita kodi.