Khirisimasi ya m'Chipale ku Edinburgh

Mwezi wa Disembala ukafika kwathu kuno ku Angónia, mvula imakhala itakhazikika, chimanga chili m'maondo, ndipo anthu amakhala kalikiliki kupalira ndi kubandira. Khirisimasi timaidziwa ndi matope a m'njira ya ku tchalitchi, mango akupsa, ndi mpunga wa nkhuku umene mabanja amadyera pamodzi pakhonde. Koma alipo ana a mipingo yathu amene tsikuli limawapeza ali kutali, ena ku Joni, ena ku Portugal, ena ku Britain, ndipo ambiri a iwo ali ndi ana aang'ono. Tsono tafuna kukufotokozerani za mzinda wina wa kumaiko ozizira kumene banja lathu linakhalako chaka chimodzi pa maphunziro, kuti mudziwe zimene banja lachilendo limakumana nazo pa nyengo imeneyi.

Mzindawo ndi Edinburgh, likulu la dziko la Scotland, kumpoto kwa chilumba cha Britain. Nyumba zake zambiri ndi za miyala yotuwa. Pakati pa mzinda pali linga lakale lomangidwa pamwamba pa thanthwe, ndipo chakum'mawa kuli phiri lotchedwa Arthur's Seat, lotalika mamita 251. Popeza mzindawu uli kutali kumpoto, m'mwezi wa Disembala dzuwa limatuluka cha m'ma 8:40 m'mawa ndi kulowa cha m'ma 3:40 masana. Usana wonse ndi wa maola pafupifupi 7, ndipo dzuwalo silifika paliwombo. Limangoyenda m'munsi mwa thambo ngati la kumadzulo, lopanda mphamvu youmitsa ngakhale thewera la mwana.

Tinkakhala m'nyumba yosanjikizana, ya mtundu umene uli wochuluka mumzindamo. Mabanja asanu ndi atatu tinkalowera khomo limodzi ndi kukwera makwerero amodzi, koma banja lililonse linali ndi chitseko chake chotseka usana ndi usiku. Tinakhalamo miyezi itatu osadziwa dzina la munthu ndi mmodzi yemwe. Anthu ake ndi aulemu, ndipo mukakumana pa makwerero amamwetulira, koma kumeneko si mwambo kuodira pakhomo la mnzako popanda kupangana. Mwana wathu wamkazi anali ndi zaka ziwiri. Kwathu mwana wa msinkhu umenewo amadzuka ndi kupita kwa agogo, amadya phala kwa azakhali, ndipo amabwezedwa madzulo atagona pamsana pa mtsikana wa pafupi. Kumeneko dziko lake lonse linali zipinda ziwiri ndi zenera limodzi loyang'ana ku msewu.

Chipale chinayamba kugwa sabata lomaliza la Novembala mu 2010. Buku Lopatulika likamanena za chinthu chimenechi nthawi zina limagwiritsa ntchito mawu akuti matalala, pakuti ndi amene ife timawadziwa. Koma matalala athu amagwa ndi phokoso pa malata, amang'amba masamba a chimanga, ndipo pakapita ola limodzi amakhala atasungunuka. Chipale chofewa chimagwa mwakachetechete ngati ufa wotsika m'sefa, ndipo chimaunjikana tsiku ndi tsiku mpaka kukwirira magalimoto. Mwana atachiona pa zenera analoza nati ndi ufa, ndipo titamutulutsa panja anachitapa ndi kuchilawa, kenaka analira chifukwa cha kupweteka kwa zala.

Chaka chimenecho ngakhale eni dziko anadabwa. Ofesi yoona za nyengo ya ku Britain, ya Met Office, inanena kuti Disembala wa 2010 anali wozizira koposa pa zaka 100 za kaundula wake amene anayamba mu 1910. Pa 2 Disembala, ku mudzi wa Altnaharra kumpoto kwa Scotland, kuzizira kunafika madigiri 21 pansi pa ziro. Pa 6 Disembala msewu waukulu wa M8, wolumikiza Edinburgh ndi Glasgow, unatsekeka, ndipo anthu mazana anagona m'magalimoto awo usiku wonse. Patapita masiku ochepa nduna yoona za mtengatenga ku Scotland, a Stewart Stevenson, anatula pansi udindo. Sukulu zinatsekedwa, ndege zinaleka kuuluka kwa masiku angapo, ndipo asilikali anaitanidwa kudzathandiza kuchotsa chipale m'misewu ya mu Edinburgh. Magalimoto a boma ankamwaza mchere m'misewu ikuluikulu, pakuti madzi a mchere sachita kuuma msanga, koma timisewu ta m'mbali ngati kathu tinkakhala masiku osafikiridwa.

Inu a ku Tsangano mumachidziwa chisanu cha Juni ndi Julayi chimene chimawauka masamba m'madimba, koma chimenecho chimatha dzuwa likakwera, ndipo usiku mumaotha moto. Kumeneko moto wake ndi wa gasi ndi magetsi, ndipo m'nyumba mwathu munali mita yolipiriratu yofanana ndi Credelec. Ndalama ya wophunzira inali yochepa, kotero tinkatenthetsa chipinda chimodzi chokha, ndipo tonse atatu tinkagona momwemo. Anatichenjeza kuti tisazimitsiretu moto, chifukwa madzi akauma m'mipope amafufuma ndi kuphulitsa mipopeyo. Kutuluka ndi mwana inali ntchito ya theka la ola: malaya atatu, juzi, chovala chokhuthala cha thupi lonse, chipewa, zovala za m'manja ndi nsapato za jombo. Mukangomaliza kumuveka, iye amavula chipewa kapena kupempha kupita kuchimbudzi. Namwino woyendera mabanja anatilangizanso kuti mwana azimwa timadontho ta vitamini D, pakuti khungu lakuda silipanga vitamini ameneyu mokwanira kumene dzuwa lili lofooka, ndipo mwana akamusowa mafupa ake amafewa.

Koma kuzizira sikunali kolemera ngati kusungulumwa. Ife tinkapita ku maphunziro ndi kuonana ndi anthu, pamene mayi a kunyumba ankatsala ndi mwana kuyambira mdima wa m'mawa mpaka mdima wa masana. Gulu la amayi ndi ana limene linkakumana pa tchalitchi sabata ndi sabata linaimitsidwa chifukwa cha chipale. Mwana anadwala chifuwa, ndipo atachira anakhala wosasangalala. Ankakana chakudya ndi kuima pa chitseko atanyamula nsapato zake. Mayi ake anayamba kuchepetsa mawu. Tikaimba foni kumudzi, achibale ankatiuza kuti ndife odala pokhala ku Ulaya, ndipo zinali zovuta kuwafotokozera kuti munthu angathe kukhala pakati pa anthu zikwi mazana ndi kutha sabata osalankhulana ndi wina aliyense.

Chimene chinatsegula zitseko ndi chipale chomwecho. M'mawa wina tinapeza khomo la nyumba yonse litatsekeka, ndipo chipale cha panjira chinali chitaponderezeka ndi kuuma ngati mwala. Bambo wina wa m'chipinda cha pamwamba anali ndi fosholo, koma msana wake unali wovuta. Tinamupempha fosholoyo. Manja ozolowera khasu sanaone chachilendo, ndipo pofika masana tinali titalambula kanjira mpaka ku msewu. Ena anatuluka ndi matsache ndi mchere wa kukhitchini, ndipo tsiku limenelo tinamva maina a anansi athu kwa nthawi yoyamba. Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Kalumo kena kanali nsalu ya mayi a kunyumba. Amayi a kumeneko amayendetsa ana m'tingolo ta matayala, ndipo tingoloto tinkatitimira m'chipale. Mayi a kunyumba anabereka mwana kumbuyo, navala chijasi pamwamba, nayenda mosamala kupita ku sitolo manja onse ali omasuka. Amayi awiri anawaimitsa panjira kupempha kuti awaonetse mamangidwe ake.

M'chipinda cha pansi munali mayi wina wokalamba, wamasiye, amene anali atatha masiku khumi osatuluka poopa kuterereka. Ana ake anali kutali ku Australia. Tinayamba kumugulira mkaka ndi buledi, ndipo tsiku lina mwana wathu anangolowa m'nyumbamo osaitanidwa, nakakhala pa mpando pafupi ndi mphaka. Kuyambira pamenepo ankatsikira kumeneko masana alionse. Ankawaitana kuti agogo, ndipo gogoyo atafunsa tanthauzo lake, anavomera dzinalo ndi misozi. Iwo ankalankhula Chingerezi cha ku Scotland, mwana ankayankha m'Chichewa, ndipo ankamvana. Mayi a kunyumba anapeza munthu womwa naye tiyi, ndipo mwana anayambanso kudya.

Sabata la Khirisimasi tinatenga mwana kupita pakati pa mzinda. M'munda wa Princes Street Gardens munali msika wa timisasa ta matabwa towala ndi nyali, ndipo chapafupi pali chipilala cha David Livingstone, amene anabadwira ku Blantyre wa ku Scotland mu 1813. Tinakumbukira kuti munthu ameneyu anafika ku Tete mu 1856 ali wotopa ndi ulendo wautali, ndipo anthu a m'chigwa cha Zambezi anamulandira ndi kumudyetsa. Pamwamba pa chitunda, m'bwalo la sukulu ya zaumulungu ya New College, pali chipilala cha John Knox, mtsogoleri wa kukonzanso mpingo ku Scotland mu 1560.

Mwina mudzadabwa kumva kuti dziko la Chipresibateriyo limeneli linakhala zaka mazana osasunga Khirisimasi. Okonzanso mpingo ankati Malemba satchula tsiku limene Ambuye anabadwa, ndipo sankakondwera ndi kuledzera kumene kunkachitika pa nyengoyo. Mu 1640 nyumba ya malamulo ya Scotland inathetsa tchuthi cha Khirisimasi, ndipo ngakhale lamulolo linadzachotsedwa, tsiku la 25 Disembala linakhalabe la ntchito mpaka mu 1958. Gogo uja anatiuza kuti ali mwana, bambo ake ankapita ku ntchito pa tsikuli, ndipo chikondwerero chachikulu chinali cha usiku wolowa chaka chatsopano, chimene amachitcha Hogmanay. Ife tinamuuza kuti kwathunso, pa kalendala ya boma, tsikuli limatchedwa Dia da Família, ndipo mpingo ndi umene umasunga tanthauzo lake.

Usiku wa pa 24 Disembala mipingo yambiri ya Church of Scotland imakhala ndi mapemphero olowera pakati pa usiku. Tinapita ndi gogoyo, ife tikumugwira mkono, mwana ali kumsana kwa mayi ake. Anthu anali ochepa chifukwa cha njira, nyimbo zinali zopanda ng'oma ndi kuwomba m'manja, koma zina zinali za maimbidwe omwe timawadziwa m'mabuku athu a nyimbo, kotero ife tinaimba m'Chichewa chapansipansi. Tsiku la Khirisimasi, limene linali Loweruka, tinadya kwa gogoyo. Iye anaotcha nkhukutembo ndi mbatatesi, ife tinabwera ndi nsima ya ufa wogula ku sitolo ya amwenye ndi nkhuku yophika ndi tomato. Bambo wa fosholo uja anabweranso, ndipo mwana ndi amene anamuphunzitsa kutema mbamu.

Usiku umenewo tinawerenga Mateyu chaputala 2 ndi maso ena. Pa Khirisimasi timakonda kuimira pa khola ndi abusa a nkhosa, koma nkhaniyo imapitirira: Yosefe anadzuka usiku, natenga mwana ndi amake kuthawira ku Igupto. Herode analamula kupha ana a zaka ziwiri ndi ocheperapo, choncho n'kutheka kuti Ambuye wathu anaphunzira kuyenda ndi kulankhula ali m'dziko lachilendo, kutali ndi abale a ku Nazarete. Malemba satchula amene anapatsa banjalo malo ogona kapena amene anabwereka Mariya mtsuko wotungira madzi, koma banja la mwana wamng'ono silikhala pachilendo popanda anthu otere.

Ambiri a inu nkhaniyi simuimva ngati ya m'buku. Pa nkhondo imene inatha ndi pangano la mtendere la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu a dziko lino oposa miliyoni imodzi anathawira ku Malawi. Amayi a mipingo yathu anadutsa malire ku Dedza ndi ku Ntcheu usiku, ana ali kumsana, ndipo ena amene lero ndi akulu a mpingo analeredwa pa makomo a anthu amene sanali abale awo.

Chomwecho, abale, pempho lathu lili pawiri. Ngati muli ndi mwana kapena mbale kunja, musamuimbire foni pofuna thandizo lokha. Funsani ngati mkazi wake ali ndi mnzake wocheza naye, ndipo lolani mdzukulu amve mawu a agogo ake m'chinenero chake. Chachiwiri, yang'anani m'mudzi mwanu ndi m'tchalitchi mwanu. Alipo aphunzitsi ndi anamwino otumizidwa kuno kuchokera ku Beira, ku Nampula ndi ku Maputo, amene sadziwa Chichewa ndipo alibe agogo owasiyira mwana. Aodireni pakhomo musanaitanidwe, atengereni ndiwo, ndipo pa tsiku la Khirisimasi muwasungire malo pa mphasa yanu, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ambuye amene anakhala mlendo ku Igupto asunge mabanja anu onse, a kuno ndi a kutali.