Mapale a m'dothi la Ndirande ali ndi alonda ake

Mukakwera minibasi pa msika wa Ndirande kulowera m'tauni, tayang'anani m'mbali mwa phiri. Paliponse anthu ali kalikiliki kukumba: uyu maziko a nyumba, uyo dothi la njerwa, winayo chimbudzi. Ku Bangwe, ku Machinjiri ndi ku Chilomoni kunsi kwa Michiru nyimbo yake ndi yomweyo. Khasu likatukula phale kapena mkanda wakale, mwini poloti amangoponya kudzala. Ati za ziii.

Komatu boma silitero. Lamulo la Monuments and Relics Act la 1990 likuti mukatola chinthu cha makedzana mudziwitse boma, ndipo kukumba zakale kapena kuzitulutsa kunja popanda chilolezo ndi mlandu. Pali anthu amene amadyera pa lamulo limeneli. Ndi a ku nthambi imene tinkaitchula kuti Antiquities, pano ndi ya Museums and Monuments.

Ntchito yawo si kutola mafupa chabe ayi. Theka lake ndi mapepala. Kontilakita akafuna kulambula msewu kapena kukumba damu, ayenera kunena mapulani akadali patebulo. Apo mkulu wa zakale amatsogola katapila asanalire, kuyenda wapansi, kukumba maenje oyesera, kulemba lipoti. Pakapezeka kanthu amayamba wapulumutsa, ndipo ndalama yake amalipira mwini ntchito. Ndani angamukonde munthu woimitsa katapila?

Tsikani pa HHI muone chimene akulondera. Tchalitchi cha St Michael and All Angels chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, ndi njerwa zoumba pomwepo, motsogozedwa ndi m'busa David Clement Scott amene sanaphunzire za mapulani a nyumba. Mukadutsa m'tauni mupeza Mandala House ya 1882, nyumba ya a African Lakes, amalonda anzanu akale. Zonsezi nzotetezedwa, simungagumule khoma mwa chifuniro chanu.

Koma zimenezo ndi za azungu, zooneka ndi maso. Za makolo athu zili pansi. Dr Yusuf Juwayeyi, amene anatsogolerapo Antiquities, atakumba pa Mankhamba ku Dedza, likulu la a Kalonga, anapeza mikanda ya galasi, mkuwa, minyanga ya njovu ndi zidutswa za mbale za ku China. Mwamva, amayi a kaunjika? Kuoda katundu wakunja sikunayambe ndi inu, ma geni anali kale kuno Blantyre isanabadwe mu 1876.

Chondiwawa ine nchakuti lamuloli limaluma pa ntchito zikuluzikulu, makamaka za ndalama za World Bank, pomwe lipoti likasowa cheke sichituluka. Kwathu kuno, komwe poloti imagulitsidwa pansi pa mtengo, mkulu wa zakale mungamuone liti? Dothi la m'munsi mwa Soche ndi Ndirande likutha kulowa mu uvuni popanda wolisuzumira.

Minibasi ya ku Limbe ikusiyani pa Chichiri. Lowani mu miyuziyamu, pafupi ndi Civic Centre, muone mipeni ya miyala ndi mapale m'magalasi. Mwana wanu wa Fomu 4 wokonda histole mupite naye, akafunse yekha kuti ntchitoyi amalowera khomo liti. Ndipo phale lija musataye, likulungeni m'nyuzi ino mukawaonetse, muwauzenso malo enieni pomwe khasu linaligunda.