Kalata kwa Mphwanga: Mbiri ya Ntchito Yowalitsa Magalimoto ndi Malonda Ake

Wokondedwa mphwanga,

Popeza mbiri yamveka yoti mtima wako uli pa kuyamba bizinesi yosamalira maonekedwe a magalimoto, kalata ino yalembedwa kuti ilongosole kumene ntchitoyi inachokera ndi njira imene inadzera pokula, chifukwa amene anapita nayo patsogolo sanali akatswiri a kutsuka kokha, koma anali anthu odziwa kuonetsa wogula chimene akulipirira asanatulutse ndalama yake.

Poyamba m'pofunika kusiyanitsa ntchito ziwiri zimene ambiri amazisokoneza. Kutsuka galimoto ndi kuchotsa fumbi ndi matope pogwiritsa ntchito madzi ndi sopo, ndipo sikutenga nthawi. Ntchito imene amalonda amaitcha detailing ndi yozama kuposa pamenepo, pakuti imakhudza kuyeretsa mbali iliyonse ya galimoto, kunja ndi mkati momwe, kufafaniza timizere tokalika pa penti, kuchapa mipando ndi makapeti, kenako kupaka mankhwala oteteza pentiyo ku dzuwa ndi mvula, mwakuti galimoto imodzi ikhoza kudya tsiku lathunthu.

Chiyambi cha ntchitoyi chili pa matabwa, osati pa chitsulo. Magalimoto oyambirira ankavekedwa matupi ndi amisiri a ngolo zokokedwa ndi akavalo, ndipo matupiwo ankakhala ndi matabwa opakidwa vanishi wofanana ndi wa mipando ya m'nyumba. N'chifukwa chake Frank Meguiar Jr., yemwe mu 1901 anayamba kupanga polishi wa mipando ndi makabati kunyumba kwake ku America, sanachedwe kupeza kuti eni magalimoto akufuna katundu wake, ndipo kampani ya Meguiar's inakula kuchokera pamenepo. Mu 1910 George Simons wa ku Chicago anakonza phula lopaka pa magalimoto kuchokera ku carnauba, lomwe ndi phula lolimba lopezeka pa masamba a mtengo wina wa mtundu wa mgwalangwa womera kumpoto chakum'mawa kwa Brazil, ndipo malonda akewo anadzatchuka ndi dzina la Simoniz.

Msika weniweni unatseguka pamene galimoto inasiya kukhala chuma cha olemera okha. Henry Ford anatulutsa Model T mu 1908, ndipo atayambitsa mu 1913 njira yolumikiza magalimoto pa mzere woyenda, momwe wantchito aliyense amachita mbali imodzi yokha, mtengo unatsika kwambiri kotero kuti pofika 1927 magalimoto a mtunduwu oposa 15 miliyoni anali atapangidwa. Mu 1914, mumzinda wa Detroit, Frank McCormick ndi J. W. Hinkle anatsegula malo otsukira magalimoto potengera nzeru ya Ford: galimoto inkakankhidwa ndi manja kuchoka kwa wopaka sopo, kupita kwa wotsukuluza, n'kukathera kwa wopukuta. Zaka khumi pambuyo pake, mu 1924, General Motors inagulitsa magalimoto a Oakland opakidwa Duco, penti ya kampani ya DuPont imene inkauma m'maola ochepa pamene vanishi wakale ankatenga masabata angapo. Penti yatsopanoyi inabweretsa mitundu yowala, koma inkafuna kupolishidwa kuti inyezimire ndipo inkasuluka ndi dzuwa, motero anthu ogulitsa polishi ndi phula anapeza makasitomala ochuluka kuposa kale.

Pa anthu onse a m'mbiriyi, amene akuphunzitsa bwino za malonda ndi Ben Hirsch wa ku Chicago, yemwe anayamba wopanda mpamba wodziwika m'zaka zovuta za pambuyo pa kugwa kwa chuma cha America mu 1929. Iye ankasakaniza polishi wake wamadzimadzi, wotchedwa Plastone, m'bafa la kunyumba, mkazi wake Marie n'kumathira m'mabotolo, ndipo ankayenda yekha m'malo omwetsera mafuta kukautsatsa. Mbiri ya kampani yake imasimba kuti ankapolisha mbali imodzi yokha ya galimoto yoimikidwa pamsewu n'kudikira mwini wake, amene akafika ankadzionera yekha kusiyana kwa malo opolishidwa ndi osapolishidwa. Njirayi inali yamphamvu chifukwa inkachotsa mkangano wonse wa pakamwa: wogula sankafunika kukhulupirira mawu a wogulitsa, popeza umboni unali pa galimoto yake yomwe. Mu 1946 polishiyo anapatsidwa dzina la Turtle Wax, ndipo akugulitsidwa m'maiko ambiri mpaka lero. Komabe m'poyenera kuzindikira kuti masiku ano kukhudza galimoto ya munthu popanda chilolezo ndi kuputa mlandu, choncho wotengera nzeruyi amayamba wapempha.

A Meguiar anatsata njira ina yomwe nayonso ili ndi phunziro lake. Kwa zaka zambiri katundu wawo ankapita makamaka kwa anthu a ntchito, monga ogulitsa magalimoto ndi amisiri owongola ndi kupenta magalimoto ochita ngozi, ndipo munali mu 1973 pamene Barry Meguiar, mdzukulu wa woyambitsa uja, anatsogolera zoti ayambe kugulitsa kwa anthu wamba m'masitolo. Kasitomala wa mtundu woyambawo amanenerera mtengo kwambiri, koma amagula mwezi ndi mwezi, ndipo bizinesi yaing'ono imapuma bwino ikakhala ndi ndalama yodziwika tsiku lobwera kuposa ikamadalira odutsa m'njira. Kampaniyo inakula mpaka inagulidwa ndi 3M mu 2008.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1940 makina anali kulanda pang'onopang'ono ntchito ya kutsuka. Mu 1940 ku Hollywood kunatsegulidwa malo amene galimoto inkakokedwa ndi makina m'malo mokankhidwa, mu 1950 Alfred Kärcher wa ku Germany anapanga makina opopa madzi otentha mwamphamvu, ndipo mu 1951 abale a banja la Anderson ku Seattle anakonza malo otsukira amene pafupifupi ntchito yonse inkagwiridwa ndi makina. Zotsatira zake zinali zakuti kutsuka wamba kunatsika mtengo, ndipo munthu wa manja amene ankafuna phindu looneka anayenera kusamukira ku zimene makina sakanatha, monga kuchotsa madontho pa mipando, kuthetsa fungo la mkati ndi kubwezeretsa kuwala kwa penti yakale. Apa ndi pamene detailing inaima payokha ngati luso lolipiridwa mosiyana ndi kutsuka.

Lusoli linazama kwambiri kuyambira m'zaka za m'ma 1980, pamene mafakitale anayamba kupenta magalimoto pawiri, pansi penti ya mtundu, pamwamba penti yoonekera ngati galasi yotchedwa clear coat, imene ntchito yake ndi kuteteza mtunduwo ndi kuuwalitsa. Penti ya pamwambayi ndi yopyapyala kuposa pepala lolembapo, ndipo kupolisha kulikonse kochotsa zokalika kumaisenga pang'ono, kotero kuti mmisiri wosadziwa akakanikiza makina pamalo amodzi akhoza kuiboola, vuto limene silikonzeka popanda kupentanso. Ku Japan kunatulukira dongo lochita kupanga, lotchedwa clay bar, limene limazula tizitsotso tomatirira pa penti popanda kuikala, ndipo m'zaka za m'ma 1990 linafalikira ku America. Pambuyo pake kunabwera nsalu za microfibre, za ulusi wosalala kwambiri wosakanda penti, komanso mankhwala a ceramic amene amauma n'kukhala chikopa cholimba chokhalitsa kuposa phula. Chida chilichonse chatsopano chinapatsa mmisiri chinthu china chogulitsa, komanso chinamusenzetsa udindo wofotokozera kasitomala chimene chidacho chimachita ndi chimene sichingachite.

Mfundo ya kukhulupirika imeneyi ili pakati penipeni pa malonda a ntchitoyi. Pali mapolishi ena amene safafaniza timizere tokalika koma amangotibisa ndi mafuta, ndipo galimoto ikatsukidwa kangapo timizereto timaonekeranso. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere, ndipo kasitomala amene wapusitsidwa motero sabweranso, komanso sakhala chete. Joe Girard, wogulitsa magalimoto a Chevrolet m'dera la Detroit amene analembedwa m'buku la Guinness chifukwa chogulitsa magalimoto 13,001 m'zaka za pakati pa 1963 ndi 1978, ankaphunzitsa kuti munthu aliyense amadziwana ndi anthu pafupifupi 250 amene angamve zabwino kapena zoipa za wogulitsa, ndipo iye ankatumizira makasitomala ake makadi mwezi uliwonse kuti asamuiwale.

Mbiriyi ikukhudzanso Malawi mwachindunji, chifukwa magalimoto ambiri a m'misewu ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu ndi ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan, amene amafika atayenda panyanja ndiponso ulendo wautali wa pamsewu kuchokera ku madoko monga Dar es Salaam, ndipo ogulitsa amafuna kuti aoneke bwino asanawaike pamsika. Malo otsukira magalimoto ndi ochuluka kale m'matauni amenewa, ndipo wolowa kumene akapikisana nawo pa mtengo wa kutsuka kokha adzapeza kuti madzi, sopo ndi lendi zikumeza phindu lonse. Mpata uli pa ntchito yozama ija, ndiponso pa makasitomala obwereza monga ogulitsa magalimoto, makampani obwereketsa magalimoto, mabungwe okhala ndi magalimoto ambiri ndi okonza maukwati.

Choncho, mphwanga, usanathamangire kugula makina odula, yamba waphunzira khalidwe la penti pa zitseko ndi maboneti akutha a kwa amakanika, kumene kulakwitsa sikulipiritsa. Ukapita kwa kasitomala pempha kuonetsa luso lako pa kachigawo kakang'ono ka galimoto yake, tchula mtengo wa ntchito iliyonse momveka usanayambe, nena zoona pa zokalika zimene sizingachoke, ndipo sunga buku la maina ndi masiku kuti uzikumbutsa aliyense nthawi yobweranso ikakwana. Ndalama yoyamba ilowe m'zida ndi m'mankhwala abwino, chikwangwani chachikulu chidzabwere pambuyo.

Mkulu wako wokufunira zabwino.